Mathero Amene Tamara Anasintha

Mlatho utagwa mu filimu muja, Tamara anasowa chonena.

Linali Loweruka masana. Chisakasa cha malata chimene chinali kuseri kwa malo ometera tsitsi a Ba Fanwell, ku komboni ya Chawama, chinali chitadzaza mpaka pakhomo. Anyamata ndi atsikana anapanikizana pa mabenchi, ena anakhala pansi, ena anaimirira chotsamira mizati. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, choncho jenereta inkalira panja, ndipo phokoso lake linkalimbana ndi mawu a mu filimu.

Pambali pa Tamara panali mlongo wake wamng'ono, Benedict, amene aliyense ankangomutcha Bene. Iye anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anasiya kuona ali ndi zaka khumi, atadwala matenda oumitsa khosi. Chiyambireni kutulukanso m'nyumba, Tamara ndiye ankamufotokozera mafilimu. Ankaika pakamwa pafupi ndi khutu la Bene n'kumanong'ona zokhazo zimene khutu silingamve: amene walowa, amene wabisala kuseri kwa chitseko, amene wagwa. Zoyankhula za anthu a mu filimu Bene ankazimva yekha, ndipo ankazisunga pamtima kuposa wina aliyense m'chisakasamo.

Filimu ya tsikulo anthu anaidikira nthawi yaitali. Ngwazi zimene kale iliyonse inali ndi filimu yakeyake, tsopano anazisonkhanitsa pamodzi kuti zilimbane ndi mdani mmodzi. Ana a ku Chawama sankavutika ndi mayina achingerezi a ngwazizo, anali atazipatsa awoawo. Panali Chigayo, chimunthu cha zibakera zopera miyala. Panali Mayi Nkhungu, amene ankasungunuka mdani akuyang'ana. Ndiye panali Ba Njanji, mkulu wokalamba woyendetsa sitima, wa msana wachitsulo, amene ankayamba aliza mluzu asanatulukire. Bene ankakonda Ba Njanji chifukwa ndi okhawo amene ankawazindikira popanda kuuzidwa. Mluzu ukangolira, iye ankagunda Tamara ndi chigongono n'kunena kuti, "Apa musakambe, nabamva neka."

Tsopano Ba Njanji anali atasenza mlatho wothyoka pamsana kuti khamu la anthu othawa nkhondo liwoloke mtsinje. Munthu womaliza atangoponda tsidya, zitsulo zonse zinawagwera. Mu filimu munangoti zii. Panalibe woyankhula, panalibe nyimbo. Fumbi litachepa, panaoneka dzanja limodzi lokha pakati pa zitsulo. Zala zinagwedezeka pang'ono, kenako zinaleka.

"Chachitika ni chani?" Bene ananong'ona. Zala zake zinali zitafinya mkono wa Tamara mpaka kupweteka. "Ba Tamara, kambani."

Tamara anayang'ana nkhope ya mlongo wake. Anakumbukira miyezi ija Bene atangotuluka m'chipatala, pamene ankangogona choyang'ana kukhoma, osafuna kudya, osafuna kucheza ndi munthu. Chimene chinamudzutsa chinali mluzu wa Ba Njanji, umene anaumva ukuchokera m'nyumba yoyandikana nayo, n'kufunsa kuti akuimbayo ndani. Anakumbukiranso mawu amene amayi awo ankakonda kunena, akuti, "Mwanayu walira mokwanira."

"Batuluka," Tamara anatero. "Bachotsa vitsulo. Bayenda motsimphina. Bapita ku mapili beka."

Kumbuyo kwawo wina anafwenthera, winanso anayamba kusisima.

"Manje aba balila chani?"

"Balila chifukwa bachoka osatsanzika banzawo."

Bene anapuma mwamphamvu, n'kumasula mkono uja. "Ninaziba ine. Ba Njanji sibangafe."

Zotsala za filimuyo zinali nyimbo yachisoni ndi zithunzi za ngwazi zina zitaweramitsa mitu pamanda. Tamara anati zikuyang'ana kumapiri.

Filimu itatha, Ba Fanwell anaimirira kutsogolo, chipeso chili m'tsitsi monga mwa masiku onse. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu.

"Mvelani, imwe bafana. Bambili bakalibe kuionela. Nizaonetsa mlungu wonse. Wokamba mathelo pamseu sazapondanso muno, olo pa bola, olo kuzameta. Vonse tizakamba pa bwalo, pa Chisanu."

Bwalo linali mwambo wa m'chisakasamo. Filimu yaikulu ikaonetsedwa, aliyense ankasunga pakamwa mpaka tsiku limene Ba Fanwell atchula, ndipo tsikulo ankasonkhana kudzatsutsana za filimuyo mpaka mawu kusasa. Pa mabwalo onse apitawo, Bene ndiye ankaopedwa, chifukwa ankatha kubwereza zimene ngwazi inanena osaphonya liwu.

Panja dzuwa linawathobwa m'maso. Ambiri anatuluka maso ali psuu. Mtsikana wina analumbira kuti sadzaoneranso filimu moyo wake wonse. Mnyamata wina wamkulu ankatukwana opanga filimuyo, osatchula chimene alakwa. Bene yekha ndiye anatuluka akuimba mluzu wa Ba Njanji.

Petros, mnzake wa Bene wa msinkhu umodzi, amene ankakonda Chigayo ndipo sankagwirizana ndi Bene pa chilichonse, anaima akupukuta m'maso ndi malaya.

"Iwe Bene, ukondwela?"

"Nilile chani? Sunga misozi, uzaifuna pa Chisanu nikakugwetsa na Chigayo wako."

Petros anayang'ana Bene, kenako anayang'ana Tamara. Tamara anakoka mlongo wake n'kumapita.

Mlungu umenewo Tamara anaumva kutalika. Filimu ija inali paliponse. Pa siteji ya minibasi, kondakitala wina anamanga kansalu kakuda pamkono. Pakhoma la golosale wina anajambula mluzu ndi makala. Palibe amene ankatchula mathero, koma Tamara ankadziwa kuti pakamwa pa mwana mmodzi pokha pakhoza kugwetsa zonse.

M'mawa uliwonse iye ankaperekeza Bene ku sukulu, kumene kunali kalasi ya ana osaona, asanapite ku kalasi yake. Bene ankagwira chigongono cha Tamara, ndodo yake yoyera ataipinda m'chikwama. Inali nyengo ya mvula, ndipo njira za m'komboni zinali matope ndi zithaphwi zokhazokha. Lolemba anapeza tiana tikusewera pafupi ndi tchalitchi. Kamodzi kanagona pansi pa thabwa, dzanja lokha lili panja, tinzake titaimirira mozungulira, mitu ili pansi. Tamara anakhota mwadzidzidzi.

"Iyi si njila yathu," Bene anatero.

"Uko kwadzala madzi."

Linali bodza lachiwiri, ndipo linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Zimenezi zinamuopsa Tamara.

Anasiyanso kumuwerengera mauthenga a pa foni ochokera ku gulu la okonda mafilimu. Ankati foni ilibe moto. M'kalasi sankamva zimene aphunzitsi ankanena. Belu likalira ankathamangira ku kalasi ya Bene, ndipo ankayamba wayang'ana nkhope yake ali patali, kuti aone ngati wina wamuuza.

Madzulo, amayi awo akabwera ku msika kumene ankagulitsa zovala za salaula, zija zovalidwapo kale, Bene ankayeserera zimene adzanene pa bwalo. Ankaimirira pakati pa nyumba, dzanja lili pampando.

"Funso ni ili," ankatero. "Ba Njanji bayendela chani ku mapili? Mu filimu yawo yoyamba banakamba ati chitsulo cha pamsana chinachokela ku mgodi wa kumapili. So bapita kukakonza msana. Filimu yobwela, pamene bonse bazagonja, tizamvela mluzu."

Amayi awo ankaseka, n'kuomba m'manja. "Tamara, taona m'mene wasangalalira mlongo wako. Mulungu akudalitse, mwana wanga, umamusamala."

Tamara ankangoyang'ana m'mbale.

Lachitatu anatsimikiza mtima kuti amuuza. Anali kutsuka mbale pakhonde, Bene atakhala pa chigubu akupukuta zimene wamupatsa.

"Bene, pali chamene nifuna kukamba pa ija filimu."

"Na ine," Bene anatero. "Muziba, Ba Tamara, banzanga ku kalasi bamakamba ati nili na mwayi. Beve bakapita ku filimu bamangomvela phokoso. Ine mukakamba imwe, nimaona. Yaja mapili nayaona mushe, na Ba Njanji bayenda pang'ono pang'ono." Anatembenuza mbale m'manja. "Manje imwe mwenze kufuna kukamba chani?"

"Palibe. Pukuta bwino, iyo ikali na madzi."

Lachinayi madzulo Tamara anapeza Petros pa mpopi, ali pamzere ndi zigubu ziwiri. Anamukokera pambali n'kumuuza zonse. Petros anatsegula pakamwa, osatseka.

"Mwamunamiza? Bene?"

"Ninalibe chochita. Sunaone nkhope yake."

"Ndiye chifukwa enze kuimba mluzu monga wawina mpikisano. Ine ninaganiza ati mfana alibe mtima." Petros anakanda m'mutu. "Manje mufuna chani?"

"Mailo pa bwalo musamutsutse. Uuze banzako, na Ba Fanwell. Akambe vake, ankhale pansi. Nizamuuza pambuyo, tili tibili."

"Mufuna ise tonse tiname?"

"Osati kunama. Kunkhala chete chabe."

"Ba Tamara, uja mfana amamvela olo pusi ayende pa mchenga. Muganiza sazatimvela ise?"

"Nikupempha, Petros. Bakamuseka pa banthu sazatulukanso m'nyumba."

Petros anayang'ana madzi akugwera m'chigubu cha munthu wina. "Nizabauza," anatero. "Koma ivi sinivikonda."

Lachisanu, ataweruka ku sukulu, kunja kunachita mdima wa mvula. Pofika m'chisakasa madontho anali atayamba kugogoda malata. Anthu anadzaza ngati tsiku la filimu, koma Tamara anazindikira msanga kuti zinthu sizili monga mwa masiku onse. Pa bwalo anthu ankalimbirana kuyankhula, ena kukwera pa mabenchi. Tsikuli, Bene atangolowa, phokoso linatsika, ndipo mnyamata wina anamupatsa malo kutsogolo popanda kupemphedwa.

Ba Fanwell anatsokomola. "Tiyambe na Bene. Kamba, mwana wanga."

Bene anaimirira. Anayankhula bwino kuposa m'mene ankayeserera kunyumba. Anabwereza mawu a Ba Njanji a mu filimu yoyamba, mpaka kutsanzira mawu awo okalamba. Anafotokoza za mgodi, za msana, za mapiri, ndi za mluzu umene udzalire onse atataya mtima. Tamara anakhala atapinda manja. Pabenchi la kumbuyo mtsikana wina anabisa nkhope m'chitenje.

Bene atamaliza, anadikira. Mvula yokha ndiyo inkamveka.

"Wakamba bwino, Bene," wina anatero.

"Eya, ni zoona."

"Vingachitike ivo."

Bene anapendeketsa mutu. "Petros, uliko?"

"Niliko."

"Ukamba bwanji?"

"Nivomela."

"Uvomela." Bene anakhala kanthawi ali chiimire. "Chabwino. Nikambenso ichi. Chigayo ni chimutu chabe. Alibe nzelu. Mu filimu yonse palibe chamene anachita, anangophwanya vipupa va banthu osalakwa."

Tamara anaona Petros akufinya chibakera. Masiku ena onse akanadumpha pabenchi.

"Mwina ni zoona," Petros anatero, akuyang'ana pansi.

"Petros, iwe unanivomelapo chani chibadwile? Olo nikambe ati lelo ni pa Chisanu, umakana."

Ena anaseka pang'ono, koma kusekako kunafera m'kamwa.

"Mukamba monga muli pa nyumba ya malilo," Bene anapitiriza, ndipo mawu ake anali atatsika. "Mwanipatsa malo kutsogolo. Palibe wanitsutsa. Ba Fanwell, imwe ndimwe bakulu muno. Ba Njanji bali kuti?"

Ba Fanwell anachotsa chipeso m'tsitsi, n'kuchiyang'ana ngati akuchiona koyamba. Kenako anayang'ana Tamara. Maso onse m'chisakasamo anatembenukira kwa iye. Tamara anaimirira.

"Banafa, Bene," anatero. "Mlatho unabagwela. Sibanatuluke."

"Nanga mapili?"

"Kunalibe mapili."

Bene anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Bonse muno mwenze kuziba ati ine siniziba?"

Bene sanakalipe, ndipo sanalire. Anatsegula chikwama, natulutsa ndodo yake yoyera, naitambasula. Anthu anapatuka. Ndodo inagogoda benchi, inagogoda mzati, inapeza khomo, iye n'kutuluka.

Tamara anamutsatira. Mvula inali itachepa, koma madzi ankayenda m'njira ngati timitsinje. Anayesa kumugwira mkono, Bene anaubweza. Choncho anayenda pambuyo pake, akuona ndodo ikufufuza miyala ndi maenje, mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse minibasi ikadutsa pafupi n'kuwaza matope.

Kuti afike kwawo ankayenera kuwoloka ngalande yaikulu. Tsikulo inali itadzaza madzi ofiira othamanga, atanyamula mabotolo ndi mapepala. Powolokera panali thabwa limodzi lokha. Bene anamva mkokomo wa madzi, naima.

"Thabwa ili kutsogolo kwako," Tamara anatero. "Pang'ono chabe kumanzele."

Bene sanasunthe. Anatembenuzira khutu kumbali, kumene mafuta ankathetheka pa mbaula. Pamenepo pankakhala Ba Dyness, mayi wokazinga zitumbuwa, amene ankawadziwa anawo kuyambira ali makanda.

"Ba Dyness, mulipo?"

"Nilipo, Bene. Mwachoka kuti na mvula yonse iyi?"

"Thabwa ili kuti?"

Ba Dyness anayang'ana Tamara modabwa. "Si mlongo wako uyo ali kumbuyo kwako? Wakuuza kale."

"Nafunsa imwe."

"Ili kutsogolo kwako, pang'ono kumanzele. Koma iteleleka, mwana wanga. Leka akugwile."

"Zikomo."

Bene anapeza thabwa ndi ndodo. Anapondapo phazi limodzi, kenako linalo. Thabwa linawerama, madzi akunyambita pansi pake. Tamara anafuna kufuula, anafuna kumugwira malaya, koma anaopa kuti akamudzidzimutsa agwa. Anayenda pambuyo pake manja ali tambasu, osamukhudza, osapuma. Pakati pa thabwa phazi la Bene linaterereka. Anagwedezeka, ndodo inamenya madzi, kenako anakhazikika. Ba Dyness anali ataimirira, chipande chili m'manja. Bene anapitiriza pang'onopang'ono mpaka anaponda tsidya.

Tamara nayenso anawoloka, n'kumupeza.

"Bene, ninachita chifukwa sininafune kuti ulile."

"Bonse banalila," Bene anatero, osatembenuka. "Petros analila. Baja bakondakitala banalila. Ine neka nenze kuimba mluzu pakati pa banthu monga chitsilu."

"Pepa."

"Ni vingati vina vamene munasintha?"

"Pa mafilimu palibe. Iyi chabe. Na pa Mande, njila siinadzale madzi. Na foni yenze na moto."

"Pa mafilimu palibe," Bene anabwereza. "Nizaziba bwanji?"

Anayenda ulendo wotsalawo wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Kunyumba Tamara anawauza amayi awo zonse. Amayi anakhala pansi, osamasula ngakhale mtolo wa zovala. Sanamukalipire. Anangoti, "Inenso ndikanakhala pamenepo mwina ndikanatero," n'kuyang'ana chitseko cha chipinda chimene Bene anadzitsekera.

Tamara ankaopa kuti Bene ayambanso kugona choyang'ana kukhoma. Sizinatero. Loweruka m'mawa anadzuka, nasamba, natenga ndodo, napita yekha kukagula buledi pa golosale ya pafupi. Anabwera nsapato zili matope okhaokha ndipo bondo litakalika, koma buledi ali naye. Kwa Tamara sanayankhule. Lamlungu popita ku tchalitchi anagwira chigongono cha amayi awo.

Atabwera ku tchalitchi, Tamara anapita kwa Ba Fanwell. Anawapeza akusesa tsitsi.

"Nipempha muikenso ija filimu. Kothela chabe. Bola ikalibe kuyamba."

Ba Fanwell anatsamira tsache. "Na ine ninalakwa kuvomela vija. Bwalo yanga siinazizilepo so. Kamutenge, ngati azavomela."

Bene anali atakhala pakhonde, akumvetsera wailesi. Tamara anaima patsogolo pake.

"Ba Fanwell bavomela kuikanso mathelo. Nifuna nikuuze vamene vinachitika. Vonse."

Bene anachepetsa mawu a wailesi. "Petros azabwela?"

"Ningamuitane."

"Ankhale mbali inangu. Imwe mukambe, eve amvele. Mukakhota, akambe."

Mawuwo anamubaya Tamara. Kwa zaka zonsezo panalibe amene ankamuyang'anira pofotokoza. Koma anati, "Chabwino."

M'chisakasa munali anthu ochepa, amene anafika msanga kudzagwira malo a mpira. Magetsi analipo, choncho kunalibe phokoso la jenereta. Bene anakhala pakati, Tamara kumanja, Petros kumanzere. Ba Fanwell anathamangitsa filimu mpaka pa mlatho.

Tamara anayandikira khutu la mlongo wake.

"Ba Njanji bali pansi pa mlatho. Mawondo yawo yapindika. Banthu bathamanga pamwamba. Kwatsala mzimayi mmodzi na mwana kumbuyo. Bamuyang'ana. Bamwetulila pang'ono."

"Bamwetulila?" Bene anafunsa, atatembenukira kumanzere.

"Eya," Petros anayankha. "Mbali imodzi ya pakamwa."

"Mzimayi wawoloka," Tamara anapitiriza. "Mlatho wagwa. Pali fumbi. Manje fumbi yachepa. Paoneka dzanja chabe. Vala vigwedezeka." Anayang'anitsitsa pa kanema. "Valeka."

Mapewa a Bene anayamba kugwedezeka. Analira mosabisa, misozi ikutsikira m'malaya a ku tchalitchi. Tamara anamva dzanja lake likufuna kunyamuka kuti limutonthoze, pakamwa pakufuna kunena kuti ndi filimu chabe. Anadzigwira, napitiriza ntchito yake.

"Chigayo wafika. Anyamula vitsulo chimodzi chimodzi. Wabapeza. Wabanyamula monga mwana. Manje bali pa manda. Mayi Nkhungu baika mluzu pamwamba pa mwala. Bonse bawelamitsa mitu."

Nyimbo inalira mpaka mayina a opanga filimu anayamba kukwera pa kanema. Amuna amene ankadikira mpira sanadandaule. Mmodzi anavula kapusi n'kuiika pabondo.

Bene anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Anakoka mamina, nakhala tsonga.

"Petros."

"Ee."

"Chigayo enze kuti pamene mlatho wenze kugwa? Chimunthu chonse chija, afika pambuyo kuzanyamula mtembo?"

"Iwe, enze kumenyana na bankhondo ku chipata. Unafuna ankhale pabili?"

"Ni ulesi. Mudala wokalamba asenza mlatho, eve ali kuphwanya vipupa."

"Bodza. Ba Njanji bako banakana thandizo. Unamvela weka, banakamba ati aliyense pa malo yake."

"Sibanakambe so. Banakamba ati aliyense agwile pamene afika. Ni vosiyana."

Anakangana mpaka Ba Fanwell anawaopseza kuti awatulutsa, ngakhale kuti iwonso ankaponyamo mawu kumbali ya Petros. Tamara ankamvetsera, ndipo kwa nthawi yoyamba mlungu umenewo anapuma mpweya wokwanira.

Osewera mpira atayamba kuoneka pa kanema, Bene anatembenukira kumanja.

"Ba Tamara."

"Nili pano."

"Ikatuluka filimu inangu, muzaniuza vonse. Olo bafe bonse."

"Nizakuuza."

"Petros azankhalabe apa. Mpaka nikakambe neka ati yakwana."

Tamara anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anakumbukira kuti Bene sangaone mutu ukugwedezeka, ndipo ananena mokweza kuti amve.

"Navomela."